Kafukufuku wa chilimba ku Kanyama: survey kapena kukhala pansi ndi magulu?

Chisomo Mwale:
Moni akuluakulu. Ndikulemba proposal ya masters, ndipo ndikupempha mundionereko chaputala cha njira za kafukufuku. Mutu ndi chilimba, kusonkha ndalama m'gulu n'kumalandira mosinthana, pakati pa amayi a malonda ang'onoang'ono ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, makamaka mmene chasinthira chibwerere ndalama za pafoni. Pulani ili motere: questionnaire ya mafunso 40, amayi 400 malinga ndi formula ya Yamane yowerengera chiwerengero cha anthu ofunika kufunsa, ndiziwapeza pamsika ndi pa mabooth a Airtel Money ndi MTN, kenako zonse zilowe mu SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala. Data ndisonkhanitsa miyezi iwiri, Januwale ndi Febuluwale. Pali polakwika?

A Daka:
Polakwika palipo a Chisomo, koma za 400 zidikire kaye. Mwasankha chida funso lisanapse.

M'chiganizo chanucho muli mafunso atatu. Loyamba ndi la kuchuluka: mwa amayi ogulitsa a ku Kanyama ndi angati ali m'chilimba, ndipo ndi angati amasonkha pafoni. Limenelo ndi la survey. Lachiwiri ndi la kayendetsedwe: wina akalumpha kusonkha gulu limatani, ndalama amagwira ndani, amakhulupirirana bwanji anthu amene sakumananso tsiku lolandira. Limenelo silikwana m'kabokosi ka inde kapena ayi. Lachitatu lili m'mawu oti "chasintha". Kuti muone kusintha pamafunika nthawi ziwiri zoyerekeza, pomwe survey imodzi imakuuzani za lero chabe.

Tsopano mabooth. Kuimirira pa booth n'kumafunsa ngati anthu amagwiritsa ntchito ndalama za pafoni n'chimodzimodzi kufunsa a pamzere wa kuchigayo ngati kwawo amadya nsima. Mayi wosonkha kashi, amene ndi theka la nkhani yanu, simudzamuona pamenepo.

Formula ya Yamane imagwira ntchito pamene muli ndi mndandanda wa anthu onse ndipo mwasankhapo mwa maere. Anthu akakhala ochuluka kwambiri imangotulutsa pafupifupi 400 nthawi zonse, n'chifukwa chake nambala imeneyi ili m'madissertation ambirimbiri. Siikonza kasankhidwe koipa. Mu 1936 magazini ya Literary Digest ku America idalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Landon apambana chisankho. Adapambana ndi Roosevelt, kutali. Mayina ambiri adawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, panthawi imene osauka analibe zonsezo.

Chisomo Mwale:
Zikomo a Daka. Nanga mndandanda wa amayi ogulitsa ku Kanyama ndiupeza kuti? Komiti ya pamsika ili ndi kaundula, koma ndi wa okhawo ali ndi matebulo.

Mabvuto Njobvu:
Kaundula ameneyo akusiyirani kunja ogulitsa pakhomo, a tuntemba, oyenda ndi beseni pamutu, ndi a m'mbali mwa msewu. Ngati mukufunadi nambala yoimira Kanyama yense, mndandanda mumadzipangira, ndipo mumayambira kumakomo.

A ZamStats, bungwe la boma la ziwerengero, adagawa dziko lonse m'timadera ta kalembera, ma EA, ndipo atsopano ndi a kalembera wa 2022. Mumalemba kalata yopempha mndandanda ndi mapu a ma EA a m'mawodi anu. Mumasankha ma EA mwa maere, koma lokhala ndi mabanja ambiri lizikhala ndi mwayi waukulu wosankhidwa. Kenako listing: kuyenda khomo ndi khomo m'EA iliyonse yosankhidwayo, kulemba banja lililonse.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Muno m'makomboni puloti imodzi imakhala ndi nyumba ya alandilodi kutsogolo, kumbuyo mzere wa zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi, chilichonse ndi mbaula yake. Wolemba waulesi amalemba geti limodzi ngati banja limodzi, ndipo wotsegula geti nthawi zambiri ndi alandilodi. Mapeto ake sample yadzaza eni nyumba, a lendi mulibe. Lamulo likhale lolembedwa: banja ndi anthu ogona pamodzi, odya kuchokera mumphika umodzi, ovomereza mutu umodzi. Chitseko chilichonse mufunse kuti "muno mumaphika panokha?"

Mukalemba mabanja 120 ndipo mukufuna 20, mumagawa: 120 pa 20 ndi 6. Mumatola nambala imodzi pakati pa 1 ndi 6 mwa maere, tinene 4, kenako mumatenga 4, 10, 16, 22 mpaka kumapeto. Choko pachitseko chimafufutika, choncho jambulani kamapu ka pamanja ndipo mutenge GPS pa KoboToolbox, pulogalamu yosonkhanitsira data pafoni.

China ndi nthawi. Mayi wa tomato amadzuka cha m'ma 4 koloko kukaoda ku msika wa Soweto, amabwerera dzuwa litalowa. Amene mudzamupeza pakhomo 10 koloko m'mawa ndi amene sagulitsa. Khomo lililonse losankhidwa mubwerereko mpaka katatu, kamodzi madzulo, kamodzi Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Osasinthanitsa ndi neba chifukwa choti neba alipo. Mukatero mwabwerera ku vuto la booth lija, kungoti mwatopa kwambiri.

Ndipo Januwale ndi Febuluwale ku Kanyama chotsani. Pansi pake ndi mwala, madzi salowa msanga, njira zina zimasanduka madamu. Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 adakula nthawi ya mvula yomweyi. Meyi mpaka Okutobala ndiyo nyengo yoyenda.

A Daka:
Tiwerengere pamodzi kuti muone kulemera kwa zimene a Njobvu afotokozazi.

Mukafuna kuti nambala yanu isaphonye kuposa 5 peresenti uku ndi uku, pa chitsimikizo cha 95 peresenti, mwa maere enieni pamafunika anthu 384. Koma inu mukutenga anthu m'timagulu, ndipo oyandikana nyumba amafanana: amaodera limodzi, amapemphera limodzi, mwinanso ali m'chilimba chimodzi. Anthu 20 a m'EA imodzi sakupatsani nkhani 20 zosiyana. Chowongolera chake ndi design effect: tengani chiwerengero cha pa EA, chotsani 1, chulukitsani ndi mlingo wa kufanana kwawo, onjezani 1. Tikayerekeza kuti kufananako ndi 0.05, pa anthu 20 tipeza 19 kuchulukitsa 0.05, kuonjeza 1, ndi 1.95. Ndiye 384 yakwera kufika 749. Muikepo okana ndi osapezeka, mmodzi pa khumi aliyense, mwafika 832, m'ma EA 42.

Wofunsa mmodzi, questionnaire ya mphindi 45, kuphatikiza kuyenda ndi kudikira, amamaliza asanu patsiku. 832 pa 5 ndi masiku 166 a munthu mmodzi. Mukakhala anayi ndi masiku 42 ogwira ntchito, listing tisanaiwerengere. Komanso si khomo lililonse lili ndi mayi wogulitsa, choncho makomo ogogoda achuluka kuposa pamenepa.

Njira yochepetsera ilipo. Mukalola kuphonya kwa 7 peresenti, poyambira ndi 196. Mukatenga anthu 10 pa EA, design effect imatsika kufika 1.45, mupeza 284. Chokwera, poyerekeza ndi kutenga 20 pa EA pa kuphonya komweku, ndi chiwerengero cha ma EA ofunika listing. Muone mmene akuluakulu amachitira: ZDHS ya 2018, kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo, idatenga ma EA 545, mabanja 25 lililonse, dziko lonse. Afrobarometer, yofufuza maganizo a anthu, imafunsa anthu pafupifupi 1,200 pa Zambia yonse. Iwo ali ndi magalimoto ndi matimu. Wophunzira mmodzi wolonjeza 800 m'komboni imodzi akudzimangirira.

Amayi Sakala:
Masamu a a Daka ndi oona, koma ine ndikuti survey si malo oyambira pa mutu uwu. Chilimba si khalidwe la munthu mmodzi ngati kusuta fodya. Ndi pangano la gulu. Chofufuzidwa chikhale gulu. Mukafunsa amayi 284 osadziwana mudzadziwa kuti angapo ali m'chilimba, koma simudzaona chilimba ngakhale chimodzi chikuyenda.

Sankhani magulu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, mwadala, kuti asiyane pa zinthu zimene mukuganiza kuti zili ndi mphamvu. Lina losonkha kashi yokha, lina pafoni pokha, lina losakaniza. Lina la pamsika losonkha tsiku ndi tsiku, lina la kutchalitchi la pamwezi, lina la oyandikana nyumba. Ndipo limodzi likhale lomwe lidatha, chifukwa mukangocheza ndi magulu amoyo mudzalemba kuti chilimba sichigwa.

M'gulu lililonse chezani ndi anthu anayi paokhapaokha: wosunga ndalama kapena wolemba, membala wakale, watsopano, ndi wina amene adatuluka. Pemphani kukhalapo tsiku lolandira. Pemphani kuona kope. Magulu ambiri ali ndi kope la chikuto cholimba, mizere yojambula ndi rula, mayina kumanzere, madeti pamwamba, chizindikiro pa wosonkha, mpata pa wolumpha, nthawi zina kachindapusa kolembedwa ndi bolopeni yofiira m'mphepete. Kope la zaka zitatu likuuzani mwezi umene gulu lidayamba kulandira pafoni, ndani adatuluka pambuyo pake, ndiponso ngati kulumpha kudachuluka. Zimenezo palibe membala angazikumbukire bwino pakamwa.

Ndipo tsatirani mkangano. Wina adalandira koyamba n'kusiya kusonkha, wina akuti adatumiza koma uthenga sudafike, wina akukana kulipira ndalama yotapira pa booth. Tengani nkhani imodzi yotere, mufunse mbali zonse, muone idathera kwa ndani, kwa acheya, kwa abusa kapena kupolisi. Malamulo enieni a gulu amaonekera pamenepo, osati pa zimene amakuuzani tsiku loyamba. Njira imeneyi, extended case method, idakulira kuno kwathu, ku Rhodes-Livingstone Institute, yomwe lero ndi INESOR ya pa yunivesite ya Zambia, UNZA, m'manja mwa Max Gluckman ndi Jaap van Velsen. Ndi zomvetsa chisoni kuti ophunzira athu amaidziwa Yamane koma iyi sadaimvepo.

A Daka:
Sindikutsutsa amayi, koma chenjezo limodzi. Magulu asanu ndi atatu osankhidwa mwadala satulutsa maperesenti. Ndikaona "62 peresenti ya ofunsidwa" pa anthu 30 osankhidwa ndi dzanja, tebulo limenelo ndi lokongoletsa chabe. Ndipo boma kapena banki ikafunsa kuti vutoli ndi lalikulu bwanji, kope la gulu limodzi siliyankha.

Amayi Sakala:
Pamenepo tagwirizana, peresenti asalembe. Alembe kuti zinthu zimayenda motani ndipo zimasiyana pati. Koma inunso a Daka muvomere kuti questionnaire yolembedwa mu ofesi, munthu asanakhalepo pa chilimba, imawerenga bwinobwino zinthu zolakwika. J. Clyde Mitchell adayamba ndi kuonerera gule wa kalela ku Luanshya, kumva nyimbo zake, kuona zovala za ovina. Mafunso a manambala okhudza mitundu ndi ulemu wa ntchito adawafunsa kuti ayese zimene maso adaona. The Kalela Dance ya 1956 ili ndi zonse ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Chisomo Mwale:
Ndiye ndilembe kuti mixed methods, kuphatikiza njira ziwirizi?

Amayi Nkhoma:
Mulembe pokhapokha mukatha kunena kuti chiyambe n'chiti, ndipo choyambacho chidzapereka chiyani kwa chachiwiri. Ma proposal ambiri amati mixed methods kutanthauza questionnaire ndi ma focus group awiri, macheza a pagulu, oponyedwa kumapeto, osakhudzana. Pa mutu wanu dongosolo lomveka ndi kucheza kaye, kenako survey yaing'ono yomangidwa pa zimene mwamva. Ngati nthawi ndi ndalama zikukwana chimodzi chokha, chitani chimodzi bwino.

Musanatuluke panja onani zimene ena adasonkhanitsa kale. FinScope Zambia ya 2015 ndi ya 2020 idafunsa za chilimba, magulu osunga ndalama ndi ndalama za pafoni. Malipoti ake akusonyeza kuti akuluakulu ofikiridwa ndi ntchito za zachuma adakwera kuchoka pa 59.3 kufika pa 69.4 peresenti, ndipo chokoka chachikulu chinali foni. Pamenepo muli ndi nthawi ziwiri zoyerekeza zimene a Daka amanena, osalipira wofunsa ngakhale mmodzi. Malire ake ndi akuti manambalawo amaimira dziko ndi zigawo, safika pa Kanyama payekha.

A Daka:
Pa za kusintha ndionjezeko. Njira yolimba ndi kubwerera kwa anthu omwewo. Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder adayamba ndi Atonga a ku Gwembe mu 1956, damu la Kariba lisanawasamutse, n'kumawatsatira zaka makumi ambiri. Karen Tranberg Hansen adayamba ku komboni ya Mtendere mu Lusaka mu 1971 nabwererako kangapo. Masters ilibe zaka zimenezo, ndiye mudalira kukumbukira kwa anthu, komwe kumapindika. Musafunse kuti "zaka zisanu zapitazo munkasonkha zingati". Mangirirani pa chochitika chimene aliyense akuchidziwa: nthawi ija ogulitsa adachotsedwa m'misewu chifukwa cha kolera mu Januwale 2018, kapena nthawi ya Covid mu 2020. "Nthawi imene ija munali m'gulu liti, munkasonkha bwanji?"

Komanso samalani ndi mawu oti foni "yachititsa". Mukapeza kuti magulu a pafoni amalumpha kwambiri, mwina si foni. Mwina ndi magulu a achitsikana, atsopano, a anthu osadziwana bwino, amene akadalumpha ngakhale pa kashi. Survey ya nthawi imodzi imaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, siinena kuti chayambitsa chinzake n'chiti. Mufunse msinkhu wa gulu, zaka za mamembala ndi mmene adadziwirana, kuti poyerekeza muyerekeze ofanana.

Mabvuto Njobvu:
Mafunso 40 aja ndikadakonda kuwaona, koma zolakwika zake zimakhala zomwezomwezo. Funso la mitu iwiri, monga "kodi kusonkha pafoni n'kosavuta ndi kotetezeka", munthu akati inde simudziwa wavomera chiti. Funso la "mumapeza zingati pamwezi" kwa wogulitsa tomato silimveka, iye amadziwa za dzulo: adaoda za zingati, adagulitsa zingati, zidatsala zingati. Ndipo patulani chilimba, village banking ndi kaloba kuyambira funso loyamba. Choyamba ndi kulandira mosinthana popanda chiwongoladzanja, chachiwiri ndi kusunga ndi kubwereketsana n'kugawana kumapeto, chachitatu ndi ngongole ya katapira. Mayi mmodzi amatha kukhala m'zonse zitatu, ndipo mukafunsa mosasiyanitsa amayankha za chimene chabwera m'mutu.

Questionnaire imasuliridwe papepala, m'Chinyanja cha mtauni chimene anthu amayankhuladi, ndi m'Chibemba. Wina amene sadaone ya Chingelezi aibwezere ku Chingelezi, muyerekeze. Mukasiya kuti wofunsa aliyense azimasulira pakamwa, ofunsa anayi ndi ma questionnaire anayi. Kenako iyeseni pa anthu 15 kapena 20 ku Chawama kapena ku George, kunja kwa dera lanu. Pa kuyesako muzilemba nthawi, funso limene anthu akuti "mwati bwanji?", ndi limene onse akuyankha mofanana.

Chomaliza, onani amene wakhala pafupi. Amayi ambiri chilimba chawo abambo sachidziwa, kapena amadziwa theka la ndalamazo. Abambo akakhala pampando pakhonde akumvetsera, yankho lidzakhala "ine sindili m'gulu lililonse". Pa fomu pakhale malo olemba ngati panali munthu wina, ndipo wofunsa akhale ndi chilolezo chopangana tsiku lina.

Chisomo Mwale:
Nanga ma focus group? Ndimaganiza kuti ndi achangu kuposa kucheza ndi mmodzimmodzi. Ndipo macheza angati akwana?

Amayi Sakala:
Ndi achangu pa zinthu zimene anthu sachita nazo manyazi: malamulo a gulu, mitundu ya chilimba, mmene amasankhira wolandira koyamba. Anthu 6 mpaka 8, ola limodzi kapena ndi theka, wina wofunsa, wina wolemba. Koma za ngongole, za kulumpha, za amene adathawa ndi ndalama, palibe adzanena pamaso pa anzake. Ndipo mukaika acheya m'gulumo, ayankhula okha, ena azingoti "ndi momwemo". Acheya chezani nawo padera.

Za chiwerengero, anthu amakonda kutchula kafukufuku wa Guest, Bunce ndi Johnson wa 2006, amene adapeza kuti mitu yambiri idatuluka m'macheza 12 oyamba. Koma awo anali amayi ofanana kwambiri, ofunsidwa mafunso amodzi, ku Ghana ndi Nigeria. Inu muli ndi magulu osiyana mwadala, ndiye 12 sikukwana. Magulu 7 kuchulukitsa anthu 4 ndi 28. Werengerani ntchito ya pambuyo: ola limodzi lojambula limadya maola 5 kapena 6 kulilemba, kumasulira kwapadera. Macheza 28 ndi pafupifupi mwezi wathunthu uli pakompyuta. Muzilemba sabata yomweyo, osaunjika, chifukwa zimene mwamva m'gulu loyamba ndizo zikonze mafunso a gulu lachitatu.

Amayi Nkhoma:
Za chilolezo musazisiye kumapeto. Ngati muli pa UNZA, proposal ipite ku HSSREC, komiti yoona za chikhalidwe chabwino pa kafukufuku wa za anthu, ndipo musafunse munthu kalata isanatuluke. Muikepo masabata angapo pa kalendala. Kenako kalata kwa akansala ndi a Ward Development Committee, ndi kukaonekera ku komiti ya pamsika. Awa akutsegulireni njira, koma asakusankhireni anthu, apo ayi mudzacheza ndi abale awo okhaokha.

Nenani poyera pachiyambi kuti simukuchokera ku bungwe la ngongole, simukulembera thandizo, ndipo si inu a msonkho. Woganiza kuti kukubwera ngongole amakulitsa bizinesi yake pakamwa, woopa msonkho amaichepetsa. Nyengo ya kampeni pewani malaya ofiira kapena obiriwira.

Kope lija ndi mauthenga a pa WhatsApp zili ndi mayina ndi manambala a anthu amene sadakuvomereni. Data Protection Act ya 2021 imakhudza zimenezi. Gulu lonse livomere kaye, ndipo pojambula phimbani mzere wa mayina ndi pepala, kapena koperani pamanja mukuika manambala m'malo mwa mayina. Polemba dissertation sinthani dzina la gulu ndi la msika waung'ono, chifukwa "wosunga ndalama wa gulu la pa tchalitchi chakuti" aliyense kumeneko amudziwa.

Chisomo Mwale:
Ndamva, zikomo nonse. Chimene chikundivutabe ndi gulu lomwe lidatha lija. Ndilipeza bwanji, poti silikumananso?

Amayi Sakala:
Kudzera mwa anthu otuluka aja. Aliyense amene mukucheza naye mufunseni kumapeto kuti "musanalowe gulu ili munali m'liti, ndipo lidatha bwanji?" Mwa anthu khumi simulephera kumva za limodzi kapena awiri. Pemphani kuti iye akafunse kaye mnzake wakaleyo ngati angalole kucheza nanu, osati akupatseni nambala mwachinsinsi.

Mabvuto Njobvu:
Ndipo musayambire onse pa munthu mmodzi. Wokutumizani amakutumizani kwa a mbali yake, ndiye mudzangomva kuti wosunga ndalama anali wakuba. Pezani poyambira pawiri posiyana, wina wa mbali ya wosunga, wina wa mbali ya odandaula. Wosungayo akakana kuyankhula, lembani kuti adakana, ndipo nkhaniyo muilembe ngati ya mbali imodzi.